Mutu 7: Za Mpira Umene Ana Amasewera Mongosangalala

Pa madandaulo onse amene makolo akhala nawo chifikireni mpira wamiyendo m'dziko muno, palibe lakale kuposa lakuti mwana wokonda mpira ndi mwana wotayika, pakuti mbuzi zimene adamtuma kukadyetsa zimalowa m'munda wa eni iye ali kalikiliki kuthamangitsa chikulunga, nsima imazizira m'mbale akumuyembekeza, ndipo kabudula wogulidwa pa Khirisimasi safika ndi pa Pasaka pomwe asanabooke. Madandaulo amenewa ngoona ndithu, ndipo sitiwapeputsa; koma mlanduwu uli ndi mbali ina imene siimveka kawirikawiri pabwalo, popeza mboni zake, ndizo mtima, mapapo, minofu ndi mafupa a mwanayo, sizidziwa kudzilankhulira zokha. Mpira umene tiukambe pano si wa matimu otchuka aja olimbirana chikho, umene uli ndi malipiro ake ndi zowawa zake, koma uja ana amadziyambira okha madzulo poweruka kusukulu, popanda wowatuma kapena wowalonjeza kanthu.

Aliyense amene adaimapo m'mbali mwa bwalo lotere akudziwa makonzedwe ake. Mpirawo ngwa majumbo ndi nsanza zokulungidwa molimba, zomangidwa ndi linya kapena malegeni mopingasapingasa kufikira utaumbika bwino. Magolo ndi njerwa ziwiri uku ndi ziwiri uko, zotalikirana mapazi owerengeka amene mmodzi wa iwo wayeza anzake akuyang'anitsitsa kuti asabe. A mbali imodzi amavula malaya kuti adziwane, wamng'ono pa onse amaikidwa pagolo angakhale akane chotani, ndipo mwini mpira, ngakhale atakhala wosadziwa kusewera, sachotsedwa m'bwalo, chifukwa akakwiya amanyamula mpira wake masewera n'kuthera pomwepo. Woimbira palibe, wezulo palibe, ndipo nthawi yoweruka imalamulidwa ndi mdima kapena mawu a mayi woitana kuchokera kutali. Koma tikaleka kuyang'ana mpirawo n'kuyamba kutsata mwana mmodzi yekha ndi maso, tiona kuti sachita chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali: wathamanga mapazi khumi ndi mphamvu zake zonse, waima mwadzidzidzi, watembenuka, wabwerera chafutambuyo, walumpha, wagwa, wadzuka, wayenda pang'ono akupuma wefuwefu manja ali m'chiuno, ndipo mpira ukangomuyandikira wayambanso liwiro. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Momwemonso mwanayu, amene akadalira mukadamuuza kuti azungulire bwalo la sukulu kasanu, pofika madzulo amakhala atathamanga mtunda woposa pamenepo, osauwerenga ndi pang'ono pomwe.

Kathamangidwe kodukizadukiza kameneka ndiko kamene kamapindulitsa mtima. Mtima ndi mnofu, ndipo monga minofu ina yonse umalimba ukamapatsidwa ntchito yoposa ya masiku onse. Mwana wa msinkhu wa kupulayimale akakhala phee, mtima wake umagunda mwina ka 80 kapena 90 pa mphindi. Koma ali pakati pa mpira wa anthu ochepa, kugundako kumapitirira 160 kawirikawiri, ndipo pa liwiro lalikulu kumayandikira 200. Zimenezi zikamachitika kangapo pa sabata kwa miyezi ingapo, mtima umayamba kutumiza magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, timitsempha ting'onoting'ono tofikitsa magazi m'minofu timachuluka, ndipo minofuyo imaphunzira kutenga msanga mpweya umene magazi abweretsa kuchokera m'mapapo. Ndiye chifukwa chake mwana amene poyamba ankatha befu masewera asanafike pakati, amadzafika pokhala womaliza kuchoka pabwalo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azikhala ndi mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse zogwiritsa thupi ntchito yoti mtima uthamange, ndi kuti masiku atatu pa sabata ntchitoyo ikhale yamphamvu ndi yolimbitsa minofu ndi mafupa. Koma pamene bungweli lidasonkhanitsa zimene ana asukulu oposa 1.6 miliyoni a m'maiko 146 adayankha, lidalengeza m'chaka cha 2019 kuti mwa ana 100 alionse a zaka 11 mpaka 17, ana 81 safika pa muyeso umenewu.

Anthu amene afufuza nkhaniyi mwakhama kuposa ena ndi a ku Denmark, makamaka Peter Krustrup ndi Jens Bangsbo pamodzi ndi anzawo, amene adayamba ntchitoyi pa yunivesite ya Copenhagen poyesa akuluakulu osazolowera masewera, kenaka n'kutembenukira kwa ana. M'chaka cha 2014 adafalitsa zimene adapeza ataseweretsa ana a zaka 9 ndi 10 mpira wa magulu ang'onoang'ono kusukulu, mphindi 40 katatu pa sabata kwa masabata 10. Ataunika mitima yawo ndi makina, adaona kuti makoma a mtima adakhuthala pang'ono poyerekeza ndi a anzawo amene sadalowe nawo m'masewerawo. Pambuyo pake adachita kafukufuku wotalikirapo wotchedwa FIT FIRST, wa ana pafupifupi 300 a zaka 8 mpaka 10, amene adatenga miyezi 10, ndipo ana amene ankasewera mpira wamiyendo ndi masewera ena a mpira m'magulu a anthu atatu kapena anayi adapezeka ndi mafupa olimbirako ndi magazi othamanga mofatsirako. Tisakuze nkhani mopitirira: kusintha kumeneku n'kochepa, kotero kuti kholo silingakuone ndi maso, ndipo ana a ku Denmark amadya ndi kukhala mosiyana ndi ana a ku Dowa kapena a ku Chipata. Komabe thupi la munthu lidaumbidwa mofanana kulikonse, ndipo chimene chili chochepa pa miyezi khumi sichikhalanso chochepa chikaunjikana pa zaka khumi.

Pa nkhani ya mafupa mpofunika tichedwepo, chifukwa ndi pamene mpira umaposa masewera ambiri, ndiponso ndi pamene anthu ambiri amaganiza molakwa. Timaona mafupa a nyama atauma kudzala, n'kumayesa kuti fupa n'chinthu chakufa chimene chimangotalika mwana akamakula. Pamene zoona zake n'zakuti fupa la munthu wamoyo lili ndi magazi ndi mitsempha, ndipo masiku onse a moyo wake mbali zina zikugumulidwa, zina zikumangidwa. Dokotala wina wa ku Germany, Julius Wolff, adalongosola m'chaka cha 1892 kuti fupa limadzimanga molingana ndi katundu amene likusenza: pamene likupanikizidwa limakhuthala, pamene silikugwira ntchito limapepuka. Ofufuza a pambuyo pake adaonjezapo mfundo yakuti chimene chimadzutsa fupa koposa si katundu wokhalitsa ndi wofanana, koma kugunda kwadzidzidzi kochokera mbali zosiyanasiyana, monga kulumpha ndi kutera, kuima pakati pa liwiro, kutembenuka pa mwendo umodzi, ndi kumenya chinthu mwamphamvu. Kusambira ndi kupalasa njinga, ngakhale zili zabwino kwambiri kumtima, sizipatsa mafupa kugunda kotere, popeza madzi kapena chishalo ndi zimene zimanyamula thupi; koma mpira uli nako kochuluka, ndipo mwendo umene umapindula kwambiri nthawi zina si womenya uja, koma wopondera pansi, umene umalandira kulemera kwa thupi lonse pa kamphindi komenyako. Ku Las Palmas, pa zilumba za Canary, Germán Vicente-Rodríguez ndi anzake adatsata anyamata osatha msinkhu kwa zaka zitatu, ndipo adapeza kuti osewera mpira adakundika fupa lochuluka m'chiuno, pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi thupi, kuposa anzawo osasewera. Malo amenewa ndi omwe aja amathyoka nkhalamba ikaterereka pakhonde, ndipo ambiri othyoka pamenepo sayendanso bwino.

Tsono nthawi yomanga mafupa ili ndi malire ake. Ofufuza a ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, amene adayeza ana omwewo chaka ndi chaka, adapeza kuti mafupa amakundika msanga koposa mtsikana akakhala ndi zaka pafupifupi 12 ndi theka, ndi mnyamata akakhala ndi zaka pafupifupi 14, ndi kuti pa zaka ziwiri zokha zozungulira nthawi imeneyi munthu amakundika gawo limodzi mwa magawo anayi a fupa lonse limene adzakhale nalo atakula. Munthu akapitirira zaka za m'ma 20, chimene angachite kwenikweni ndi kusunga zimene adakundika kale, kufikira ukalamba utayamba kuzichotsa pang'onopang'ono. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya mafupa mawuwa ngoona monga momwe akumvekeramu. Zomangira zake sizichokera kutali: usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yomwe, masamba obiriwira, mkaka kumene ukupezeka, ndi dzuwa limene limathandiza khungu kupanga vitamini D, koma zomangirazi sizikhazikika mokwanira m'fupa limene silikupatsidwa ntchito.

Za kunenepa tinena mwachidule. M'matauni mwathu mwayamba kuoneka ana amene amapita kusukulu pa galimoto, kubwerera pa galimoto, n'kukhala pa wailesi yakanema kapena pa foni mpaka usiku, chakumwa chotsekemera chili pambali. Ndipo kunenepa kwa paubwana ndiko kumatsegulira khomo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi munthu akakula. Mnofu wogwira ntchito umakoka shuga m'magazi, ndipo umapitiriza kutero kwa maola angapo masewera atatha. Ku Porto, m'dziko la Portugal, André Seabra ndi anzake adaseweretsa mpira anyamata onenepa a zaka 8 mpaka 12 kwa miyezi ingapo, ndipo kuonjezera pa kusintha kwa thupi, anawo adayamba kudziona ngati anthu ofunika, kusiya manyazi amene anali nawo ndi matupi awo. Sikelo yokha singaonetse zonse, pakuti mafuta akamachepa minofu n'kumachuluka, kulemera kumatha kukhala komweko.

Apa mpamene tiyenera kunena mawu olasa akuluakulu, makamaka ife aphunzitsi ndi makolo okonda dongosolo. Tikaona ana akusewera mwachisawawa, mtima umatiuza kuti tiwakonzere mpira weniweni: anthu 11 mbali iyi, 11 mbali iyo, bwalo lalikulu la akuluakulu, magolo amene goloboyi wa zaka 9 sangafike pa mtanda wake ngakhale atalumpha chotani, ndi mpira wa nambala 5 wolemera magalamu 410 mpaka 450. Chotsatira chake n'chakuti ana atatu kapena anayi amphamvu ndi amene amasewera, wotchinga kumbuyo amaima padzuwa akujambula pansi ndi chala chakuphazi, ndipo ana makumi angapo otsala amakhala pa udzu kuchemerera. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ofufuza amene adaveka ana zipangizo zoyezera mtima adaona kuti osewera akachepa, mwana aliyense amakhudza mpira kambirimbiri ndipo mtima wake umakhala ukuthamanga nthawi yaitali. Kotero ana aja a magolo a njerwa, posewera anayi anayi kapena asanu asanu pa kabwalo kakang'ono, adapeza okha njira imene akatswiri adaitsimikiza ndi makina. Mphunzitsi wa nzeru akadagawa bwalo la sukulu panayi, n'kuika masewera anayi nthawi imodzi, kuti mwana wochedwa liwiro ndi wamanyazi apezenso mpata. Ndipo kumene kwalowa chikho, kumalowanso kusankha: wofooka amasiyidwa kunja, ndiye kuti mwana amene amasowa masewerawo koposa onse ndi amene amayamba kuwamanidwa. Chimene chimabweza mwana pabwalo mawa ndi mkuja ndi chisangalalo. Ndipo mwana amene watukwanidwa pamaso pa anzake chifukwa chophonya chigoli, kawirikawiri amausiya mpira, nthawi zina moyo wake wonse.

Pali zina zimene mwana amatola pabwalo zimene makina sangayeze bwino. Kumene kulibe woimbira, ana amaweruza okha ngati mpira wadutsa pamwamba pa njerwa kapena m'kati mwake, amakangana, amanyengererana, ndipo amaphunzira kuti wokakamira kwambiri adzatsala yekha. Amadziwanso msanga kuti mutu umodzi susenza denga, pakuti wodyetsa njomba wosapatsira anzake amanyozedwa ngakhale ali ndi luso. Bungwe la FIFA, poona chikoka chimene mpira uli nacho pa ana, lidakonza maphunziro otchedwa 11 for Health, amene adayesedwa koyamba ku Khayelitsha, m'dziko la South Africa, m'chaka cha 2009, ndipo pambuyo pake adafika ku Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi maiko ena. Anali maphunziro 11 a mphindi 90, theka loyamba la mpira, theka lachiwiri la phunziro la umoyo, monga kugona m'masikito, kusamba m'manja, kumwa madzi aukhondo, kulandira katemera, kudziteteza ku HIV ndi kulemekeza atsikana ndi amayi.

Koma mpira ulinso ndi ngozi zake, ndipo wobisa zimenezi sakonda ana. Zambiri n'zazing'ono: kubinya kakolo, kusupuka bondo, kuchoka chikhadabo cha chala chachikulu pomenya mwala m'malo mwa mpira. Komabe kumene ana amasewera opanda nsapato, pa bwalo la magalasi osweka, misomali ndi ndowe za ziweto, bala laling'ono lingathe kulowetsa kafumbata. Bala lotere lifunika kutsukidwa ndi sopo ndi madzi oyera, osati kuthiridwa dothi monga ana amachitira pofuna kuletsa magazi, ndipo lakuya lipite kuchipatala. Ana amene akukula msanga, makamaka oseweretsedwa tsiku ndi tsiku popanda kupuma, amatha kumva ululu ndi kutupa pansi pa bondo, pamene mtsempha waukulu wa ntchafu umakoka fupa losakhwima. Madokotala awiri, Osgood ndi Schlatter, adalongosola vutoli m'chaka cha 1903, ndipo mankhwala ake aakulu ndi kuchepetsa masewera kufikira ululu utatha. Kutenthetsa thupi musanayambe kumathandiza kwambiri: pa kafukufuku wa ana a zaka 7 mpaka 13 ku Switzerland, Germany, Czech Republic ndi Netherlands, wofalitsidwa m'chaka cha 2018, matimu amene ankayamba ndi mphindi 15 kapena 20 zophunzira kuima pa mwendo umodzi, kulumpha, kutera ndi kugwa bwino, adachepetsa kuvulala ndi pafupifupi theka. Mwana wodwala malungo kapena wotentha thupi asasewere. Madzi akumwa akhale pafupi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Ndipo mabingu akayamba kugunda, bwalo lopanda kanthu ndi malo oyamba kuthawa, koma osathawira pansi pa mtengo.

Kumenya mpira ndi mutu ndi nkhani imene yasintha m'zaka zaposachedwa. M'chaka cha 2019, Willie Stewart ndi anzake a ku Glasgow adafalitsa zimene adapeza pa amuna oposa 7,000 amene adasewerapo mpira wolipidwa ku Scotland: imfa za matenda ofooketsa ubongo zidali zochuluka pakati pawo kuwirikiza katatu ndi theka poyerekeza ndi amuna ena, ngakhale kuti imfa za matenda a mtima zidali zochepa. Amenewa anali anthu omenya mpira ndi mutu kwa zaka zambiri monga ntchito yawo, osati ana osewera madzulo; komabe popeza khosi la mwana n'lofooka ndipo ubongo wake ukukulabe, maiko ena adasankha kusamala. Bungwe la mpira ku United States lidaletsa ana a zaka 10 kutsika m'munsi kumenya ndi mutu m'chaka cha 2015, ndipo England, Scotland ndi Northern Ireland adaletsa zimenezi pa zokonzekera za ana a kupulayimale m'chaka cha 2020. Mwana amene wagundana mutu ndi mnzake n'kuyamba chizungulire, kusanza, kusokonezeka kapena kuiwala zimene zachitika, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale atachonderera chotani, ndipo aonedwe ndi a chipatala.

Palinso chinthu chimene ofufuza a ku Ulaya sadalimbane nacho, koma ife sitingachilumphe, ndicho njala. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka zisanu, 37 anali opinimbira. Mpira sulenga thupi kuchokera pachabe. Umangolamula kumene chakudya chipite, ndipo mwana amene wapita kusukulu m'mimba muli pululu, n'kukaseweretsedwa maola awiri padzuwa, akuchotsa pa zochepa zimene akadakulira. Yankho lake si kumletsa kusewera, pakuti adzasewerabe, koma kumpatsa phala la m'mawa, monga sukulu zambiri zimachitira tsopano, ndi mbatata, chinangwa kapena mtedza akamachoka pabwalo.

Otsala pa zonsezi ndi atsikana. Pa chiwerengero chija cha World Health Organization, atsikana osafika pa muyeso anali 85 mwa 100, pamene anyamata anali 78. Ndipo kwathu kuno chifukwa chake sichisowa, pakuti nthawi imene mnyamata akutola chikulunga chake ndiyo nthawi imene mlongo wake akutola ndowa, kenaka mbale, kenaka mwana wobereka kumsana. Wina adzati ntchito za pakhomo nazonso n'zolimbitsa thupi, ndipo n'zoona kuti kusinja ndi kusenza madzi si masewera. Koma sizithamangitsa mtima monga liwiro limachitira, ndipo sizipatsa mafupa a m'chiuno kugunda kwa mbali zonse kuja. Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi amene adayamba kusewera pakati pa anyamata, adafika pomwetsa zigoli zochuluka kuposa onse, wina m'ligi ya ku Italy ndi ya ku France, wina m'ligi ya ku United States. Koma si chifukwa cha iwo chimene tikunenera izi, popeza ofika kumene adafika iwowo ngowerengeka. Chifukwa chake n'chakuti mtsikana amafika msanga pa zaka zija zokundika mafupa, ali Sitandade 6 kapena 7, ndiyo nthawi yomweyo imene amauzidwa kuti wakula ndipo kuthamangathamanga sikumuyeneranso, aleke fulaye, aleke jingo, mpira ndiye asauyandikire n'komwe. Ndipo ndi iye yemweyo, osati mlongo wake, amene mafupa ake adzayambe kupepuka mofulumira akadzasiya kusamba ali ndi zaka pafupifupi 50.